Mapazi Anatsogola, Mapulani Anatsatira: Mbiri ya Malonda pa Songani

Msewu wa M3 ukatuluka mumzinda wa Zomba kulowera ku Liwonde umatsata tsinde la phiri, mapiri a Zomba ndi Malosa kumanzere, chigwa cha nyanja ya Chilwa kumanja. Usanafike ku Domasi umadutsa pa Songani, m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia, pomwe magolosale, maokala, zigayo, matiyirumu ndi mabenchi a nsomba andandalikana mbali zonse ziwiri za tala. Munthu amene anaphunzira ntchito yokonza mizinda akaima pamalo otere amaona zolakwika zokhazokha: nyumba zayandikira msewu, ngalande palibe, minibasi zikuima paliponse, ogulitsa atuluka mumpanda wa msika n'kuyala katundu pomwe pakudutsa magalimoto. Zonsezi n'zoona. Koma mbiri ya malowa, ndi ya misika ina yonga iwo m'Malawi muno, ikusonyeza kuti pansi pa chipwirikiti chimenechi pali dongosolo lakale kwambiri kuposa ofesi iliyonse ya mapulani. Malonda a kumudzi kwathu kuno sanayambe abadwapo chifukwa choti wina wawajambula papepala. Amabadwa pomwe njira za anthu zakumana, ndipo boma limawathandiza likabwera pambuyo kudzalimbitsa zomwe mapazi asankha kale. Nthawi zonse pamene linafuna kutsogola, kusankhira anthu malo kapena kusankha amene agulitse, linasiya nyumba zopanda anthu.

Chiyambi cha Songani si sitolo ayi, koma kusiyana kwa phiri ndi chigwa. Nyanja ya Chilwa ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo madzi ake ndi amchere pang'ono. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathiramo madzi amene amachoka pokhapokha dzuwa likawamwa. Chifukwa cha ichi dothi la m'mphepete mwake linkapatsa anthu mchere, umene amayi ankatcheza ndi kuphika kalekale Azungu asanafike, ndipo nyanjayo inkapereka matemba, milamba ndi makumba. Kuphiri kunali zina zimene kuchigwa kunalibe: mitengo, nsungwi, madzi oyenda chaka chonse ndi madimba ake. Wakunyanja ankafuna za kuphiri, wakuphiri ankafuna ndiwo ndi mchere, ndipo malo achibadwidwe okumanirana anali pa tsinde la phiri, pomwe njira zotsika ndi mitsinje zimadutsana ndi njira yoyenda chakumpoto ndi kummwera. David Livingstone atafika pa nyanjayi mu April 1859 anapeza dziko la Amang'anja lokhala ndi anthu ambiri, olima thonje, oomba nsalu ndi osula makasu. M'zaka zotsatira Ayao anakhazikika m'mapiri ozungulira, a Malemia cha ku Domasi ndi Malosa, a Kawinga ku Chikala, ndipo analumikiza derali ndi malonda a kugombe la nyanja yaikulu ya mchere, a nsalu, mikanda, mfuti, minyanga, komanso, tisabise, a anthu. Pa nthawi yonseyi panalibe nyumba yogulitsiramo. Wamalonda anali munthu woyenda, ndipo msika unali paliponse pomwe watula katundu wake.

Sitolo inabwera ndi ndalama, ndipo ndalama inabwera ndi mishoni ndi msonkho. Mu 1884 mishoni ya Church of Scotland ya ku Blantyre inatsegula nthambi ku Domasi motsogozedwa ndi Alexander Hetherwick. Mu 1891 Zomba inakhala likulu la boma la atsamunda pansi pa Harry Johnston, ndipo mu 1895 asilikali a boma anagonjetsa Kawinga ku Chikala, Kawingayo atathira nkhondo anthu a Malemia. Kuchokera pamenepo njira ya pa tsinde la phiri inakhala msewu wa boma wolumikiza likulu ndi mtsinje wa Shire ku Liwonde, kupitirira mpaka ku Fort Johnston, komwe lero timati Mangochi. Msonkho wa nyumba, wa mashiling'i 3 pa chaka m'zaka zoyambirirazo, unakakamiza mwamuna aliyense kusaka ndalama, kaya pa mtengatenga, m'minda ya Azungu kapena pogulitsa mbewu ndi nsomba. Alomwe ochokera ku Mozambique anachuluka m'chigwa cha Chilwa kuyambira cha m'ma 1900. Makampani aakulu a Azungu, Mandala ya African Lakes imene inayamba mu 1878 ndi Kandodo imene inadza pambuyo, anali ndi masitolo m'matauni ndi m'malo ena akuluakulu, koma malonda a tsiku ndi tsiku a munthu wakumudzi anagwera m'manja mwa Amwenye, amene Johnston anawalimbikitsa kubwera. Iwowa ndiwo anayamba kumanga m'mphepete mwa misewu ya m'maboma a Zomba, Chiradzulu, Mulanje ndi kwina konse, pa mphambano ndi pa madooko, pomwe anaona kuti anthu amadutsa kale.

Ndi bwino kuima pang'ono pa sitolo ya Mmwenye, chifukwa kamangidwe kake ndiko kanakhala chitsanzo cha golosale iliyonse imene timaiona lero, ngakhale womanga wa lero sadziwa kumene anakatengera. Inali nyumba imodzi ya njerwa ndi malata, yoyang'ana kumsewu. Kutsogolo kunali khonde lalikulu la nsanamira, kenaka chipinda chogulitsira chokhala ndi kauntala yopingasa, katundu yense atapachikidwa kapena kusanjidwa kuseri kwa wogulitsa kuti wogula aone ndi maso koma asakhudze. Kumbuyo kunali mosungira katundu ndi zipinda za banja, motero mwini sitolo anali mlonda wa katundu wake usiku. Gawo lanzeru kuposa onse linali khondelo. Pamenepo pankakhala telala ndi makina ake, moti munthu akagula nsalu mkati ankaituluka nayo n'kuisiya pakhomo pomwepo kuti isokedwe. Pamenepo pankausa wochokera kutali, pankabisala anthu mvula ikagwa, pankamveka nkhani za mitengo ya mbewu ndi za maliro. Khonde linkasandutsa wodutsa kukhala woima, ndipo woima amatha kugula. Masitolo angapo otere akandandalikana, makonde awo ankapanga kanjira ka mthunzi kamodzi, ndipo pabwalo la patsogolo pawo amayi ankayala tomato, mandasi ndi matemba. Palibe katswiri wa boma amene anajambula zimenezi. Zinachokera ku zosowa zitatu zimene wamalonda aliyense amazidziwa: kuonekera kwa odutsa, kuteteza katundu, ndi kusunga kasitomala kanthawi. Sindikunena kuti ubale wa Mmwenye ndi wogula unali wokoma nthawi zonse. Madandaulo a mitengo, a malipiro ochepa a ogwira ntchito m'sitolo, ndi a kutsekereza Amalawi pa malonda aakulu anali enieni, ndipo ndiwo anadzakonza njira ya zomwe zinachitika pambuyo pa ufulu. Koma pa nkhani ya malo ndi kamangidwe, anthu amenewa anawerenga bwino kayendedwe ka anthu a kuno.

Mmalawi wofuna geni m'masiku amenewo ankayambira pansi penipeni: kantini ya tiyi ndi sikono, chiphaso cha okala, kapena njinga. Nsomba za ku Chilwa zinkafika ku Zomba, ku Limbe ndi m'maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje zitamangidwa m'madengu pa keliyala, ndipo wopalasa wochokera kunyanja akafika pa msewu waukulu ankapeza kale ogula omudikira. Pa nthawi yomweyo Domasi inkasanduka mudzi wa anthu a malipiro. Mu 1929 boma linatsegula kumeneko sukulu ya Jeanes yophunzitsa aphunzitsi oyendera masukulu pamodzi ndi akazi awo, ndipo pambuyo pake mafumu nawonso ankabwera kudzachita maphunziro. Kuyambira 1949 derali linasankhidwa kukhala poyeserera chitukuko cha m'midzi, ntchito imene anaitsogolera T. D. Thomson, ya ulimi, ukhondo, sukulu za kwacha ndi makhonsolo a m'midzi. M'kupita kwa nthawi panadza koleji ya aphunzitsi, Malawi Institute of Education, malo ofufuzira ulimi wa nsomba, ndende, ndiponso chakumpoto pang'ono chipatala cha St Luke's ndi masukulu a Anglican ku Malosa. Aliyense wa mabungwewa anamangidwa ndi mapulani ake, mizere yake ndi mipanda yake. Chochititsa chidwi n'chakuti msika waukulu wa derali sunamere mkati mwa mpanda uliwonse wa mabungwewa. Unakula pa msewu, pamalo pomwe mphunzitsi wolandira kumapeto kwa mwezi, msodzi wa ku Chilwa, mlimi wa kuphiri ndi wapaulendo wa ku Liwonde akanatha kukumana onse popanda wina kupatuka kwambiri.

Pulani yaikulu kuposa zonse imene boma la Malawi linachitapo pa malonda a kumudzi inali ya m'zaka za m'ma 1970. Boma la Kamuzu Banda linalamula mu 1970 kuti Amwenye achoke m'midzi asiyire Amalawi malonda a kumeneko, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'matauni anayi okha: Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Cholinga chake chinali chomveka kwa aliyense amene anakula akuona kuti mwini dziko ndi wosesa pakhonde chabe. Maganizo anali akuti nyumba zilipo, makasitomala alipo, ndiye Mmalawi akangolowa m'sitolomo malonda apitirira. Boma linaikanso mizati yochirikiza: Chipiku kuti azipikulitsa katundu kwa eni magolosale, PTC ya kampani ya Press kuti izigulitsa m'matauni ndi m'maboma, ndi ADMARC, imene inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, kuti izigula mbewu. Zotsatira zake aliyense woyenda m'dziko muno anaziona, ndipo m'malo ena zikuonekabe: mizere ya masitolo akale a makonde aakulu, otsekedwa, malata akuchita dzimbiri, ena atasanduka nyumba zogona kapena matchalitchi. Ena mwa Amalawi amene anagula masitolowa anapambana, koma ambiri anagwa m'zaka zochepa. Sikuti analibe nzeru. Chimene chinasamuka ndi Mmwenye chinali chosaoneka ndi maso: ngongole ya katundu kuchokera kwa m'bale wake wopikulitsa ku Limbe, lole yobweretsa katunduyo, ndi mpamba wopirira nawo miyezi ya njala pamene wogula alibe ndalama. Boma linagawa makoma, koma malonda sakhala m'makoma. Malo amene anapulumuka msanga ndi onga Songani, amene moyo wawo sunkadalira sitolo yokha koma nsomba, mpunga ndi ndiwo zamasamba, zinthu zimene gwero lake linali m'manja mwa anthu a komweko.

M'zaka zomwezo akatswiri a mapulani anabwera ndi nzeru ina. Mu 1933 katswiri wa ku Germany, Walter Christaller, anafotokoza mmene midzi ndi matauni a kummwera kwa dziko lake anatalikirana mwa dongosolo, kamsika kakang'ono kotumikira midzi yoyandikana, tauni yokulirapo yotumikira timisika tingapo, mpaka mzinda waukulu. Iye ankafotokoza zomwe zinalipo kale, koma amene anamutsatira m'maiko ambiri anasandutsa kufotokozako kukhala lamulo la kamangidwe: ika msika apa, chipatala apa, positi ofesi apa, ndipo tauni idzamera. Ku Malawi maganizo a mtundu umenewu anaoneka m'ntchito ya malo a chitukuko a m'midzi imene inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi thandizo la West Germany, m'malo akutali monga Mbalachanda, Lobi, Thekerani ndi Tsangano, ndipo anabweranso mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika ku Nthalire, Nambuma ndi Neno. Sindikupeputsa zimene ntchitozi zinabweretsa. Chipatala ndi sukulu kudera lakutali ndi moyo weniweni. Koma pa nkhani ya malonda, taonani Ntcheu. Dzina la Tsangano limadziwika kwa apaulendo ambiri chifukwa cha msika wa pa mphambano ya M1, pomwe alimi amatsitsira mbatatesi ndi kabichi kuti akumane ndi malole a ku Blantyre ndi Lilongwe, kutali ndithu ndi pomwe anamanga malo a chitukuko. Lizulu, Chimbiya ndi mphambano ya Bembeke zinakula mwa njira yomweyo. Ngakhale Lilongwe, mzinda umene unajambulidwa mosamala kuyambira 1968 n'kulanda ulikulu kwa Zomba mu 1975, ukuchitira umboni: City Centre inamangidwa ndi misewu yotakata ndi malo oimika magalimoto, koma kwa zaka makumi angapo munthu wofuna kugula poto, nsapato kapena sipeyala ankapitabe ku Old Town.

Maonekedwe a Songani amene tikuwadziwa lero anakhwima malamulo atamasuka. Kuyambira 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ADMARC n'kutseka misika yake ina, ndipo pambuyo pa 1994 geni inasanduka njira yopulumukira ya anthu ochuluka amene ntchito yolembedwa inawasowa. Kunabwera kaunjika, minibasi, mavidiyo sho, kanyenya ndi chiwaya cha tchipisi, kenaka kabaza wa njinga ndi wa njinga zamoto, ndipo posachedwapa timatebulo ta Airtel Money ndi Mpamba. Kuti timvetse chifukwa chake zonsezi zimakanirira pa tala, tiyenera kuyang'ana wogula. Wogula wa pa Songani nthawi zambiri sagula za mwezi kapena za sabata. Amagula za lero: wokumani wa ufa, mafuta oyeza a m'kapepala, mulu wa tomato, kambale ka matemba, kachidutswa ka sopo. Phindu la wogulitsa pa chinthu chilichonse ndi laling'ono kwambiri, choncho moyo wake uli pa kuchuluka kwa anthu odutsa patsogolo pa benchi lake. Kwa mayi wotere, kusunthidwa mamita 50 okha kuchoka pomwe minibasi imatsitsa anthu kupita kuseri kwa mpanda si nkhani ya ukhondo kapena kukongola, ndi nkhani yoti ana adya kapena agona ndi njala. Akabwerera pa msewu m'mawa mwake, akuluakulu amati ndi mwano kapena umbuli, pamene iye wachita masamu olondola kuposa a amene anajambula shedi ya msika. Madzi a mvula sawauza podzera. Ukawatsekera amakumba njira yawo pambali pa chotchinga chako.

Pali chinanso chimene msika wosajambulidwa umachita bwino, ndipo pa ichi Songani ndi mphunzitsi wa misika ina. Nyanja ya Chilwa imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, inatsika kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, ndipo zolembedwa zakale zimasonyeza kuti zinkachitika ngakhale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. M'zaka zabwino nyanja yaing'onoyi inkapereka gawo lalikulu ndithu la nsomba zogwidwa m'dziko muno. M'zaka zouma mabwato amagona pamatope ku Kachulu, ndipo anthu amayenda pansi kupita pachilumba cha Chisi. Msika umene ndiwo yake yaikulu imatha kusowa kwa chaka chimodzi kapena ziwiri uyenera kudziwa kufota ndi kuphukanso. Benchi la mitengo ndi denga la pulasitiki zimalola zimenezi. Wogulitsa matemba amasintha n'kuyamba kuoda usipa wa ku Mangochi, kapena mpunga wa ku sikimu ya Domasi imene inamangidwa mothandizidwa ndi Taiwan chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kapena makala, chinthu chimene chadya mitengo ya phiri la Malosa ndi kuwonjezera matope m'mitsinje yothira m'nyanja yomweyo. Madzi akabwerera iyenso amabwerera ku nsomba. Chipinda cha simenti cholipira lendi mwezi ndi mwezi, chomangidwira mtundu umodzi wa katundu, sichipatsa munthu mpata wotere. Umphawi wa zomangira za pamsika si chinthu chonyadira, koma mbali ina ndi yankho la anthu odziwa kuti chaka chamawa sichilonjezedwa ndi nyanja.

Wotsutsa woyamba anganene kuti mfundo yangayi ikudzigwetsa yokha, popeza zonse zimene zinalera Songani zinachokera ku mapulani: msewu anaulambula ndi boma, mishoni ndi koleji anazisankhira malo ndi anthu okhala m'maofesi, sikimu ya mpunga anaijambula ndi mainjiniya. Izi n'zoona, ndipo zikuthandiza kuona bwino pomwe mphamvu ya boma ili. Boma limatha kulenga zifukwa zoti anthu ayende: msewu, mlatho, sukulu, chipatala, malipiro. Chimene silitha ndi kulamula kuti oyendawo aime pati ndi kugula kwa yani. Woika njanji ya ku Nacala kudzera ku Liwonde mu 1970 anasintha malonda a dera lonse, koma sanasankhe benchi ngakhale limodzi. Choncho wokonza mapulani wanzeru amaika mtima pa zoyambitsa kuyenda, kenaka n'kuyang'anitsitsa kwa kanthawi kuti aone pomwe fumbi la mapazi lachuluka asanathire simenti.

Wotsutsa wachiwiri ndi wolemera kwambiri, ndipo sayenera kuyankhidwa mopepuka, chifukwa akunena za imfa. Msika wokhala mbali ziwiri za msewu waukulu umaika ana, okalamba ndi apanjinga pamaso pa malole. Msika wa nsomba ndi zakudya zophikaphika wopanda madzi a m'mipopi ndi zimbudzi zokwanira ndi khomo la kolera, matenda amene dera la Chilwa limawadziwa bwino, makamaka pakati pa asodzi okhala m'zimbowera pakati pa nyanja. Mliri umene unayambira ku Machinga mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mabenchi a mitengo othithikana, mawaya a magetsi olumikiza mwachisawawa ndi mbaula za makala zachititsa kuti misika yambiri m'Malawi ipse. Amene anganene kuti zonsezi zisiyidwe chifukwa msika umadzikonza wokha sakonda anthu a pamsikapo. Zinthu izi wamalonda mmodzi sangazithetse payekha, ndipo ndi pano penipeni pomwe dzanja la boma likufunika. Funso ndi lakuti dzanjalo lichite chiyani. Njira imene tazolowera ndi yothamangitsa. Mu April 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda pa ntchito imene inatchedwa Dongosolo, apolisi ndi asilikali ali pambuyo, ndipo kwa kanthawi misewu inayera. M'zaka zochepa anabwerera, chifukwa chimene chinawabweretsa poyamba chinali chisanachoke. Lamulo la misewu limapatula mamita 60 a msewu waukulu, 30 mbali iliyonse, ndipo zizindikiro zofiira zimene zimalembedwa pa makoma a olowerera malirewo zimakhala zaka osatsatidwa, mwini nyumba osadziwa ngati akonze denga kapena adikire chigumula. Njira ina, yotsika mtengo, ndi kuvomereza kuti msika uli pomwe ulipo ndi kuupatsa zimene ukusowa pomwepo: malo otakata oti minibasi ndi akabaza azipatukira kuchoka pa tala, zitunda zochepetsa liwiro ndi powolokera pooneka bwino, khomo la msika loyang'ana pomwe anthu amatsikira osati kuseri, mpopi ndi pothira madzi pafupi ndi mabenchi a nsomba, zimbudzi zimene mayi angalowe osaopa, ngalande, dzala lotayidwa pa nthawi yake, ndi mipata pakati pa mizere ya mabenchi yoti moto usalumphe. Imeneyinso ndi pulani, ndipo imafuna luso loposa lojambula bwalo lamakona anayi pa malo opanda kanthu, chifukwa wojambulayo ayenera kuyamba wakhala pamsika kuwerenga anthu, m'mawa ndi madzulo, nthawi ya dzinja ndi ya masika.

Wachitatu anganene kuti ndikufuna anthu a Songani akhale pa fumbi mpaka kalekale pamene anzawo a ku Blantyre akhala akugula ku Chichiri chiyambire Shoprite itatsegula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo a ku Lilongwe ali ndi Gateway Mall. Sindikukhumba fumbi kwa wina aliyense. Koma malo ogulitsira a mtundu umenewo anabadwira ku America m'zaka za m'ma 1900 kuti atumikire banja lokhala ndi galimoto, filiji ndi malipiro a pamwezi, logula zambiri kamodzi n'kukasunga kunyumba. Gawo lalikulu la malo ake limapita koimika magalimoto. Kumene mabanja otere alipo okwanira, amalonda amamanga okha osadikira kuuzidwa, ndipo mzinda wa Zomba ukamakula chakumpoto kutsata msewu womwewu, tsiku lina masitolo otere adzafika. Akadzafika asadzapeze kuti malo abwino onse a pa mphambano apatsidwa kwa mmodzi wa ndalama, amayi a matemba atakankhidwira kudambo.

Apa ndiye pagona ntchito imene ikudikira Khonsolo ya Boma la Zomba. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linaika misika m'manja mwa makhonsolo, ndipo chiphaso chimene wogulitsa amadula tsiku ndi tsiku ndi imodzi mwa ndalama zochepa zimene khonsolo imatolera yokha. Mavenda m'misika yambiri akhala akunyanyala kudula chiphaso ponena kuti saona chimbudzi kapena mpopi wochokera ku ndalama zawo, ndipo dandaulo limeneli lili ndi maziko. Malamulo a malo ndi a mapulani a 2016 anapititsa nkhaniyi patsogolo: dziko lonse, osati matauni okha, tsopano lili pansi pa lamulo la mapulani, ndipo malo a makolo akhoza kulembetsedwa m'kaundula. M'dera la chikamwini ngati la Malemia, momwe malo amayenda kudzera kwa amayi ndipo ambiri ogulitsa ndiwo pamsika ndi amayi, kalembera ameneyu akhoza kuteteza kapena kulanda, malinga ndi amene adzakhale pansi pa mtengo tsiku logawa mapuloti. Chofunika msanga n'chakuti bwalo la msika, poimikira minibasi ndi njira zolowera kuchokera kunyanja ndi kuphiri zilembedwe kuti ndi za anthu onse mapuloti a m'mbali mwa msewu asanathe kugulitsidwa, ndiponso kuti komiti ya msika, mafumu a Malemia, akabaza ndi oimira ogulitsa nsomba aone chojambulacho ndi kuchikonza chisanapite ku Lilongwe kukadindidwa.